Mtima Wanga Umathamanga Ngati Ndikufa, Koma Kuchipatala Akuti Ndili Bwino

Aphungu,

Kalata iyi ndayiyamba katatu, katatu konse ndikung'amba ndisanafike pakati. Nkhani yanga ndi yochititsa manyazi kwa mwamuna wa msinkhu wanga. Lero anthu onse apita kudimba, ndatsala ndekha pakhonde, ndiye ndati ndilembe mpaka kumapeto. Mukamasindikiza, chonde mayina muwasinthe.

Ndine kalipentala wa zaka 38. Kwathu ndi ku Matandani, koma ndinakwatira ku Ligowe, kumene ndili pachikamwini. Mkazi wanga ndi Dailesi, ndipo tili ndi ana anayi. Zitseko zambiri za kuno ndinakhoma ndine, madenganso ndakwera osawerengeka. Kale anthu ankandidziwa ngati munthu wosaopa pamwamba.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi achimwene anga a Laimoni. Mwezi wa Meyi chaka chatha tinali kuphiri kucheka matabwa, iwo ali pamwamba pa chipika, ine ndili m'dzenje kukoka sowo. Dzuwa lili pamutu anangoti, "Mphwanga, taima kaye, pachifuwa pandithina." Anatsika, nakhala pansi kutsamira mtengo, n'kupempha madzi. Ndinathamangira kukhwawa ndi chigubu. Pobwera ndinawapeza atagwera chammbali, maso ali otsegula. Anali ndi zaka 45 zokha. Bokosi lawo ndinakhoma ndekha, ndipo pamaliro ponse sindinagwetse msozi. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima.

Patapita miyezi iwiri, Lamulungu lina tili m'tchalitchi tikuyimba, mtima wanga unayamba kugunda ngati wina akukhoma msomali m'kati mwa chifuwa. Thukuta lozizira linatsika kumsana, manja anachita dzanzi, mpweya sunkakwanira. Ndinkaona ngati makoma akundiyandikira. M'mutu munangobwera mawu amodzi: basi, zija za achimwene zandipeza. Ndinatuluka ndikupalasa anthu, n'kukagwada panja. Ananditengera panjinga kuchipatala cha kuboma ku Neno, koma tikufika n'kuti zonse zitatha, ndili bwinobwino ngati munthu wonama.

Adokotala anandimvera pachifuwa, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kenako anati, "Bambo, mtima wanu ndi wa mnyamata wosewera mpira. Kodi pali chimene chikukusowetsani mtendere?" Ndinayankha kuti palibe. Sindinakhutire, ndinapitanso ku Mwanza. Kumenekonso anandiyeza mofatsa n'kundiuza zomwezo.

Kuyambira pamenepo chinthuchi chimandigwira kawiri kapena katatu pamlungu. Sichichedwa, mwina mphindi khumi, koma mphindi zimenezo ndimakhala ndikutsanzikana ndi dziko. Chikapita ndimatsala wolefuka ngati ndalima tsiku lonse. Choipa kwambiri n'chakuti masiku amene sichinabwere ndimakhala ndikuchidikira. Ndikamakwera chitunda mtima ukangofulumira pang'ono, ndimaima n'kugwira pamkono kuwerenga kugunda kwake. Pawailesi akayamba mauthenga a maliro ndimatuluka m'nyumba. Ndikamva kulira kwa sowo yocheka matabwa ndimalambalala. Makwerero sindinawapondenso. M'tchalitchi ndimakhala benchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo, ine amene ndinali wa kwaya.

Chimene chinandichotsa ulemu chinachitika pachipata cha msika. Khadi langa la chipani ndimagula chaka ndi chaka, ndipo tsikulo linali m'thumba la malaya. Anyamata a chipani oona makhadi pachipatapo, poti wopanda khadi salowa mumsika, ankangogwira ntchito yawo. Koma pamzerepo panali anthu ambiri, kukutentha, ndipo chinthu chija chinandigwira nditangotsala pang'ono kufika kutsogolo. Zala zinakana kumasula batani la thumba. Mnyamata wina anati, "Madala, mukunjenjemera chiyani? Mukubisa chiyani?" Ine ndinangolimbanabe ndi batani lija. Anthu anayamba kutizungulira. Mwayi wake mlamu wanga Jimu, mlongo wake wa Dailesi, anali pafupi. Anapisa dzanja m'thumba langa, natulutsa khadi, nati, "Nali. Munthuyu ndi wodwala, musiyeni." Anandisiya. Koma kuyambira tsikulo mumsika sindinalowenso, ndipo anthu akundinena.

Aliyense ali ndi lake. Apongozi akuti mzimu wa achimwene uli ndi mawu, kapena alipo wanjiru ndi ntchito yanga. Ananditengera kwa sing'anga, ananditema mphini pachifuwa, koma mlungu womwewo chinandigwiranso. Mkulu wa mpingo akuti ndilimbike m'pemphero, ndipo ndimapemphera ndithu. Jimu yemweyo tsiku lina anauza anzake ine ndikumva kuti, "Wodwala wanji wodya bwino chonchi? Ukakhala ulesi angonena."

Dailesi wapirira, koma watopa. Ntchito za padenga ndikuzikana, ndiye pakhomo zinthu zachepa. Tsiku lina tikutola nachesi kuseri kwa nyumba anandiuza kuti, "Bambo a Clara, ine sindikukuthawani. Koma mundiuze chimene chikukudyani. Ndikugona ndi munthu, ndikudya ndi munthu, koma sindikumudziwa." Ndinangoti ndili bwino. Ndimuuze chiyani? Kuti bambo wa ana anayi akuopa mtima wake womwe? Tsopano ndamva kuti akuchikazi akufuna kuitanitsa ankhoswe.

Pali chinthu chimodzi chimene chandipatsa mphamvu zolembera kalatayi. Mu Julaye ndinapeza ntchito yokhoma mabenchi ndi mafelemu a zitseko kusukulu ya kumsasa wa anthu othawa nkhondo ku Luwani. Ndinavomera chifukwa inali ntchito ya pansi. Tsiku lachiwiri tikutsitsa matabwa m'galimoto ya lole, chinandigwira. Ndinazemba n'kukakhala kuseri kwa khoma, dzanja pachifuwa. Panadutsa mayi wina wa ku Mozambiki, dzina lake Anesi, atasenza ndowa. Anandiyang'ana, natula ndowa, nakhala pansi chapatali pang'ono.

Anati, "Si kufa kumeneko, bambo. Inenso chimandigwira, kuyambira tsiku limene anatentha mudzi wathu. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono, ngati mukuuzira phala la mwana." Ndinayesa. Kenako analoza n'kufunsa kuti, "Mtengo uwo ndi mtengo wanji?" Ndinadabwa, koma ndinayankha kuti ndi tsanya. "Umagwira ntchito yanji?" Ndinati ndi wa nsanamira, chiswe sichiudya, koma umabunthitsa sowo. "Nanga uwo?" Ndinati ndi mlambe, ulibe matabwa. Tinatchula mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndisanazindikire, mtima unali utatsika. Mayiyo anasenza ndowa yake, nati, "Mwaona? Chapita chokha. Chidzabweranso, chidzapitanso."

Aphungu, ameneyu ndiye munthu woyamba kundiuza kuti sindili ndekha. Ndinakhala ku Luwani milungu itatu ndipo ntchito ndinamaliza. Chinandigwira kanayi. Kawiri njira ya mayi uja inathandiza, kawiri sinathandize, ndinangodikira mpaka chinatha.

Tsopano vuto langa ndi ili. Mwana wanga woyamba, Clara, wasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko ku Blantyre. M'banja mwathu monse ndiye woyamba. Ndamukhomera bokosi la mlombwa loikamo zovala, ndipo ataliona anati, "Ababa, mwakhoma ndinu, mudzandinyamulirenso ndinu mpaka pakhomo la sukulu, eti?" Ndinavomera. Sukulu atsegula mu Okutobala, kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Ndikangoganiza za basi yodzaza, msewu wotsetsereka uja, ndi malo oimitsa basi kuti aone makhadi, manja amayamba thukuta. Nanga chikadzandigwira pamaso pa mwana wanga, pakati pa anthu osandidziwa?

Kodi ndayamba misala? Kodi ndidzafa monga anafera achimwene? Ndingotuma Jimu kuti akamusiye? Wina wandiuza kuti alipo timapiritsi toziziritsa mtima timene angandipezere, winanso akuti kachasu pang'ono ndisanakwere basi. Sindinayesepo chilichonse mwa izi. Ndithandizeni.

Z. L. K.
Ligowe, Neno


Bambo Z. L. K.,

Mayina ndasintha monga munapempha. Tsopano khalani pansi mumve. Simunayambe misala, si ulesi, ndipo chimene chimakugwiranicho sichipha munthu. Sindikungokutonthozani. Kalata yanu ndinakaiwerengera namwino wina amene wagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu ovutika maganizo. Ndisanafike pakati anali atayamba kale kugwedeza mutu, akuti anthu otere amawaona mlungu ndi mlungu: aphunzitsi, apolisi, amayi oyamwitsa, ngakhale abusa. Ndi mantha ogwira mwadzidzidzi, ndipo anthu ambiri amachira.

Zimayenda chonchi. Munthu akakumana ndi njoka panjira, thupi limadzikonzekeretsa kuthawa: mtima umafulumira, mpweya umakwera, thukuta limatuluka. Thupi lanu likuchita zomwezo popanda njoka. Munaona mbale wanu akudandaula pachifuwa, mphindi zochepa n'kumwalira. Kuchokera tsikulo, mtima wanu ukangofulumira, monga uchitira wa aliyense pachitunda, inu mumamva imfa. Mantha amaufulumizitsa, inu n'kuopa koposa, iwo n'kuthamangiratu. Adokotala awiri sananame. Mtima ndi wabwino, chimene chavulala ndi maganizo anu.

Ndipo ndikuuzeni mosabisa: achimwene anu simunawalire. Anthu anakuyamikirani kulimba mtima, koma chisoni chimene munachimeza chija sichinapite kulikonse. Adokotala atakufunsani ngati pali chokusowetsani mtendere munati palibe. Mkazi wanu atakufunsani munati muli bwino. Bambo, mwanamiza anthu awiri amene amafuna kukuthandizani.

Choncho yambani ndi mayi a Clara, lero lomwe. Ngati pakamwa pakulemera, apatseni nyuzipepalayi awerenge, muwauze kuti Z. L. K. ndinu. Muwafotokozere za kuphiri kuja, zonse, mpaka chigubu cha madzi. Misozi ikabwera isiyeni. Mkazi amene amanena kuti "sindikukuthawani" sakufuna ankhoswe, akufuna mwamuna wake amuuze zoona. Akuchikazi akaitanitsabe ankhoswewo, pitani muli awiri, mawu anu ali amodzi: ndi matenda, tawadziwa, tikulimbana nawo. Apongozi musawanyoze, anachita zimene amadziwa chifukwa chokukondani, koma mphini zakwana.

Mayi Anesi anakupatsani mankhwala enieni. Namwino uja akuti ngakhale iye sakanaposa pamenepo. Kawiri anakanika chifukwa chida chimafuna kuzolowera, inu kalipentala mukudziwa. Muziyeserera muli bwinobwino, m'mawa ndi madzulo. Kokani mpweya ndi mphuno pang'ono, muutulutse ndi pakamwa mochedwa kuposa mmene munaukokera, kakhumi. Chikakugwirani, musalimbane nacho ndipo musathawe. Dziuzeni kuti, ndachidziwa ichi, chimatha chokha. Pondani pansi mwamphamvu, yang'anani kunja kwa thupi lanu, tchulani mitengo, kapena yesani ndi maso kutalika kwa chitseko chimene chili patsogolo panu. Dzanja lichoke pamkono. Kuwerenga kugunda kwa mtima kuja ndiko kukudyetsa manthawo.

Tsopano gawo lovuta. Malo aliwonse amene mwawathawa, mantha akhazikikapo. Muyenera kuwabwerera, koma osati onse tsiku limodzi. Mawa imikani makwerero pakhoma la nyumba yanu, kwerani masitepe awiri, imani pomwepo mpaka mtima utsike wokha, kenako tsikani. Mkuja atatu. Kwerani chitunda mwadala, mtima ugunde, muone kuti simufa. Lamulungu m'tchalitchi khalani benchi lotsatira chakutsogolo. Kumsika pitani m'mamawa anthu asanachuluke, mayi a Clara ali pambali panu, khadi mutalitulutsa kale lili m'manja musanafike pachipata, kuti batani lisakuvuteninso. Masiku ena mudzabwerera panjira. Palibe mlandu, mawa lake yambiraninso.

Alamu anu a Jimu ali ndi pakamwa, koma pachipata paja sanakuthaweni. Akhazikeni pansi muwafotokozere. Munthu amene wamvetsa amasiya kunyoza.

Bwereraninso kuchipatala, ulendo uno mukanene zonse: mmene achimwene anu anafera, kangati pamlungu chimakugwirani, ndi zimene mwasiya kuchita. Poti mbale wanu anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, n'kwanzeru kuti azikuyezani kuthamanga kwa magazi nthawi ndi nthawi. Mukapemphenso kuonana ndi namwino wodziwa za matenda a maganizo. Musaope kuti akutsekerani, nkhani yanu si ya kumeneko. Tiyi wakuda bii muchepetse, ndipo ngati mumasuta, fodyanso amafulumizitsa mtima. Kupemphera pitirizani, koma wina asakuuzeni kuti mukudwala chifukwa chikhulupiriro chachepa. Kwaya ibwerereni mukatha, kuyimba kumaphunzitsa munthu kupuma.

Za Clara, yankho langa ndi lakuti pitani. Musatume munthu m'malo mwanu. Milungu isanu ndi umodzi ndi yokwanira kukonzekera. Kwerani matola kuchoka ku Ligowe kupita kuboma kawiri kapena katatu, popanda chokagula, kungozoloweza thupi. Mwanayo muuzeni tsiku lisanafike, m'mawu osavuta: nthawi zina mtima wanga umathamanga, sizoopsa, ukadzaona ndatuluka thukuta uzingondifunsa mayina a mitengo. Mtsikana amene wakhoza mayeso mpaka kusankhidwa sangalephere kumva zimenezo, ndipo ndikukayika ngati sanazione kale. Ngati n'kotheka kuti mayi ake kapena amalume ake a Jimu apite nawo, ndi bwino, koma apite ngati operekeza, bokosi munyamule ndinu. Mukafike msanga pokwerera basi kuti mupeze mpando wa pawindo.

Chenjezo langa nali, ndipo mulisunge. Timapiritsi ta m'thumba mwa munthu musatilandire, kachasunso ayi. Zimaziziritsa tsiku limodzi, mawa lake mantha amabwera atakula, ndipo mudzapezeka muli ndi matenda awiri. Mankhwala akafunika, alembe ndi adokotala. Komanso musamati chilichonse cha pachifuwa ndi mantha. Mukadzamva kupweteka kwachilendo, kopsinja ngati mwasenzetsedwa mwala, kotsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, kosatha ngakhale mwapumula, kapena mukadzakomoka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo tsiku lina maganizo akadzafika poti bola kungochoka padziko, muuze munthu tsiku lomwelo, musagone nazo.

Sindikulonjezani kuti m'basimo sichidzabwera. Mwina chidzabwera, pachitunda kapena pamene basi yaimitsidwa. Chikadzatero, mudzakhala pampando wanu, mudzapuma, chidzatenga mphindi zake khumi n'kupita, basi ikuyendabe. Mwana wanu sadzakumbukira thukuta lanu. Adzakumbukira kuti bambo ake ankaopa, koma anakwera, n'kukamusiya pakhomo la sukulu.

Phungu wanu